Nthanga za Azakhali

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, alibe manda. Ankakhala ku Chilobwe, kumtunda kwenikweni, kumene nyumba zimayamba kukwera phiri la Soche. Tsiku limene namondwe anagumula phirilo, matope ndi miyala zinatenga nyumba yawo, iwo ali momwemo. Anthu anakumba masiku ambiri. Anapeza chitseko, anapeza mpando umodzi wapulasitiki, koma iwo sanawapeze. Bambo anabwera kuchokera ku Joni kumene amagwira ntchito, tinakhala pa maliro opanda bokosi, kenako anabwerera.

Chimene chinatsala cha azakhali ndi kabotolo. Miyezi ingapo ngoziyo isanachitike, anabwera kwathu ku Zingwangwa atanyamula kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa. Mkati munali phulusa, ndipo m'phulusamo munali nthanga za maungu. Anati ndi maungu akwawo ku Phalombe, a khungu lamawanga, ofiira mkati, otsekemera osafuna shuga.

"Alamu, mubzale kuseri kwa bafa uko," anawauza amayi. "Madzi akungotayika chabe."

Amayi anathokoza, anaika kabotoloko pamwamba pa kabati, n'kuiwala. Tinakaona patadutsa chaka ndi theka chichitikire maliro, tsiku limene tinkasuntha kabatiyo pofuna kupha mphemvu. Amayi anangokhala pansi pasimenti, kabotolo kali m'manja. Ine ndinakhuthulira phulusalo papepala. Nthanga zinalipo zisanu ndi ziwiri.

"Mvula ikagwa tibzala," anatero amayi. "Zikabereka, mbewu ya azakhali ako ikhalapo. Zikakanika, basi, yathera pomwepo."

Ine ndine munthu wosalankhulalankhula. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, mawu amandithawa ngakhale yankho ndikulidziwa. Zimene ndimalephera kunena ndimalemba m'kope. Ndinayamba ndili Sitandade 6, ndipo makope odzaza ndimawasunga m'chikwama chakale pansi pa bedi. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Nthanga zisanu ndi ziwiri. Imodzi ndi yopyapyala, mwina ilibe kanthu mkati."

Mvula inali ikadali kutali. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amayi amagulitsa thobwa pa siteji ya minibasi pafupi ndi msika, ndipo ndikaweruka kusukulu ndimakawathandiza kutsuka makapu. Nyengo yotentha ndiyo nyengo ya thobwa. Ndiyonso nyengo imene njuchi zimasowa madzi ndi maluwa, koma zimenezo pa nthawiyo sindinkaziganizira. Ndinkangoona kuti zimabwera. Zinkatera m'mphepete mwa ndowa, pa kapu yotungira, m'makapu osatsuka, zina n'kugwera m'thobwa momwe. Zogwerazo ndinkazivuula ndi kamtengo n'kuziika pamwala kuti ziume mapiko.

Tonse tinkadziwa kwawo kwa njuchizo. Panjira yochokera kwathu kupita pa siteji pali chisakasa cha agogo ena okhoma ndowa ndi mbaula, Asilamu a ndevu zoyera, ochokera ku Machinga. Kuseri kwa chisakasacho kuli mtengo wa mapeyala, umodzi mwa mitengo yochepa imene yatsala m'dera lathu, ndipo m'mwamba mwake anapachikamo mng'oma. Uchi wake sankagulitsa. Ankasungira akazi awo, amene amavutika ndi chifuwa kukayamba kuzizira. Ukamadutsa m'mawa, nyundo isanayambe kulira, unkamva mtengo wonse ukung'ung'udza. Agogowo ankanditchula kuti "alembi", chifukwa ankandiona ndi kope nthawi zonse.

"Alembi, lero mundilembe bwino. Dzulo ndamva kuti munandilemba wonyansa."

Ine ndinkangomwetulira ndikuyang'ana pansi.

Lachinayi lina kondakitala wina anagula kapu ya thobwa n'kuipendeketsa osayang'ana mkati. Njuchi inamuluma mlomo. Anataya kapu, anatukwana, mlomo unatupa ngati chitumbuwa, anzake n'kumamuseka.

"Aise, wapsopsona ndani masana ano?"

"Mayi, thobwa lanuli lili ndi mano!"

Anthu anaseka, koma tsiku limenelo ndi lotsatira lake makasitomala ankangodutsa, akuyang'ana ndowa yathu cham'mbali. Thobwa tinabwerera nalo kunyumba, linasasa, tinalitaya m'ngalande.

Mayi wogulitsa zitumbuwa amene amakhala pambali pathu ndiye anabweretsa nzeru.

"Achemwali, mukuvutikiranji? Tengani mbale, madzi, shuga wambiri, muthiremo kaufa ka mphemvu kaja. Muike pansi pa benchi. Masiku awiri okha, mudzandiuza."

"Si za agogo aja zimenezi?" amayi anafunsa.

"Zili ndi chiphaso? Ngati akuzifuna azimange pachingwe ngati mbuzi."

Amayi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Ufa wa mphemvu tinali nawo kale, wotsala pa tsiku la kabati lija. Tinaugula pamsika m'kapepala kopanda dzina. M'mawa mwake, Loweruka, anandipatsa ine.

"Iwe ndiwe wosamala. Usakanize bwino, usakhudze makapu, ukatha usambe m'manja ndi sopo."

Ndinasamaladi. Ndinatenga mbale yachitsulo yakale imene sitinkadyeramo. Ndinatakasa mpaka shuga yense anasungunuka. Ndinaikamonso timiyala kuti njuchi zipeze potera, zisamire. Mpaka lero sindimvetsa kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinkafuna kuti zimwe bwino.

Zinamwa. Poyamba zinabwera zochepa, kenako zinakaitana zinzake, moti pofika masana mbale yonse inali yakuda, ikuyenda. Sizinagwe pomwepo monga ndinkayembekezera. Zinkamwa, n'kupukuta tinyanga ndi miyendo yakutsogolo, n'kuuluka kulowera ku mtengo wa mapeyala. Mumtima ndinati mwina ufawo ndi wabodza, ndipo mtima unakhala pansi. Amayi atandiuza kuti ndidzazenso mbaleyo, ndinadzaza, kawiri konse.

Lachiwiri m'mawa, popita kusukulu, ndinapeza agogo aja akusesa pansi pa mtengo. Sanali kusesa masamba. Zinali njuchi, ndipo anaziunjika pakona pa chisakasa, mulu wofika m'kakolo, zina zikugwedezabe miyendo. Tsiku limenelo sananditonze. Anangoti, "Mwadzuka, alembi," n'kupitiriza kusesa. Ndinaima pang'ono kumvetsera. M'kope ndinalemba mawu atatu okha: "Mtengo uli chete."

Pa siteji bizinesi inabwerera mwakale. Mayi wa zitumbuwa ankati, "Ndinanena ine." Mbale ija ndinakaiponya m'dzenje la zinyalala n'kuikwirira. Sindinauze munthu kanthu, chifukwa panalibe womuuza. Amayi ankadziwa kale, ndipo agogowo ndinayamba kuwazemba, kumadzera njira ya kuchigayo ngakhale ndi yotalika.

Mvula itagwa mu Disembala tinabzala kuseri kwa bafa, pakati pa ngalande ndi mpanda wanjerwa wa eni nyumba. Malowo ndi aang'ono, mphasa ziwiri zikhoza kuwaphimba. Pa nthanga zisanu ndi ziwiri zinamera zitatu. Imodzi nkhuku zinaifukula. Ziwiri zotsalazo tinazitchingira ndi neti yakale, ndipo zinakula mwamphamvu, zinayanga mpaka kukwera mpanda. Nkhwani amayi sankalola kuti tithyole wambiri. Ankapita kukaona maunguwo asanapite pa siteji, ndipo nthawi zina ndinkawamva akulankhula nawo chapansipansi, akuwatchula kuti "alamu".

Maluwa atayamba, anandiitana.

"Tamvera. Dzungu laling'ono saloza ndi chala. Ukaloza limafota, limagwa. Ukafuna kundionetsa, uloze ndi chibakera kapena ndi mlomo. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndipo anzako akusukulu usabwere nawo kuno."

Anzanga oti n'kubwera nawo ndinalibe, koma ndinavomera.

Maungu amachita maluwa a mitundu iwiri. Ena amakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, ngati kampira. Ena amangokhala pa kaphesi katali kopyapyala, opanda kanthu. Amayi, monga azimayi ambiri, ankati achiwiriwo ndi maluwa achabe, ntchito yake ndi ndiwo. Ndiye m'mawa uliwonse, kusanayere bwino, ankawathyola onse, ena asanatseguke n'komwe, kuti titendere chiluwe. Ankati akatero mphamvu zonse zipita ku maluwa obereka. Chiluwecho chinali chokoma, sindinganame.

Kadzungu koyamba kanakula kufika ngati dzira, kenako kanasanduka kachikasu, kanafewa, kanagwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu, kachinayi. Ndinkatitola n'kukatikwirira m'munsi mwa mpanda. Kachisanu katagwa, amayi anandigwira pamkono.

"Unaloza."

"Sindinaloze, amayi."

"Nanga m'kope mwakomo umalembamo chiyani? Si umawerengera timaunguti? Umawerengera ndi chiyani ngati si chala?"

Ndinayamba kudzikayikira ndekha. Mwina tsiku lina chala chinatuluka ine osadziwa. Kuyambira pamenepo, ndikapita kuseri kwa bafa ndinkaika manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake. Timaungu tinapitirira kugwa.

Mayi wa zitumbuwa atamva nkhaniyi anapukusa mutu.

"Achemwali, mwanayu musamunamizire. Munthu amene sanaikidwe m'manda mbewu yake ingabereke? Akudandaula ameneyo. Akuti mwandisiya m'matope."

Amayi ndi munthu wopemphera, ndipo anayankha kuti zimenezo n'zachikunja. Koma madzulo ake sanadye. Ineyo mawuwo anandilowa m'mafupa. Mvula ikamagwa ndinkaima pakhomo n'kumayang'ana ku Soche, kumene zipsera za phiri zimaonekabe zofiira, n'kumaganiza kuti azakhali ali penapake pansi pamenepo, ndipo akudziwa kuti kabotolo kawo tinakaiwala pamwamba pa kabati. Timilu timene ndinkakwirirapo timaungu m'munsi mwa mpanda tinayamba kuoneka ngati timanda. Ndinatisalaza ndi phazi, koma ndinkadziwabe malo ake, kalikonse pamene kali.

Kenako chomera chimodzi chinayamba kuyera masamba ngati chathiridwa ufa, n'kuuma. Chinatsala chimodzi. Unali kale mwezi wa Malichi, mwezi umene azakhali anapita, ndipo maluwa anayamba kuchepa.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi ndinatulutsa makope akale aja. Sindinkafufuza kanthu. Ndinkangofuna kumva mawu a azakhali, chifukwa zonena zawo ndinkazilemba kwambiri. M'kope la Sitandade 7 ndinapeza tsiku lina limene ndinali kwawo pa holide. Ndinalemba chonchi:

"Azakhali andituma kukathyola chiluwe koma akuti ndidikire dzuwa lifike padenga la chimbudzi. Ndafunsa chifukwa chake. Akuti, alendo adye kaye. Ndapita kukaona alendowo. M'duwa lililonse muli njuchi, mwina ziwiri, zitadzola ufa wachikasu thupi lonse ngati anthu a m'chigayo. Azakhali asanathyole duwa amaligogoda kaye, amati, odi, odi, tatulukani eni ake."

Ndinawerenga kawiri. Za mungu tinaphunzira m'kalasi, ndipo pa mayeso ndinakhoza: kuti ufa wachikasu wa duwa lachimuna uyenera kufika pa duwa lachikazi kuti chipatso chigwire, ndipo kuti ounyamula ndi njuchi ndi tizilombo tina touluka. Aphunzitsi a zaulimi ananenaponso kuti zikasowa, munthu akhoza kuusamutsa ndi dzanja. Zonsezi ndinkazidziwa ngati za pabolodi. Sindinaganizepo kuti zikunena za kuseri kwa bafa lathu. Ndinatenga kope limene ndinkalembamo nthawi imeneyo, ndinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba mpaka pa mawu atatu aja.

Lolemba m'mawa amayi anathyola chiluwe monga mwa masiku onse n'kupita. Ine ndinatsala, ndinakhala panjerwa pafupi ndi duwa lachikazi limene linatseguka tsiku limenelo. Linali lalikulu, lokongola, litayasama kumwamba. Ndinadikira mpaka dzuwa linatsika pampanda, mpaka ndinachedwa kusukulu. Munalowa nyerere, ndi ntchentche imodzi yochokera kungalande. Basi. Sindikunena kuti njuchi zonse za mu Zingwangwa zinali za mumtengo wa mapeyala uja. Koma kumbali kwathu kuno, kwa malata ndi njerwa zokhazokha, sindikudziwa kwina kumene zikanachokera. Ndipo ngakhale ikanabwera imodzi yosochera, ikanapeza maluwa achimuna ali kale mumphika.

Ndinatsata chomera chonse ndi maso, manja ali kumbuyo. Maluwa achikazi osatseguka anatsala awiri.

Loyamba linatseguka Lachitatu, ndipo achimuna anatseguka atatu. Amayi anatuluka ndi kambale kawo. Anandipeza nditaima kale pakati pa iwo ndi maungu.

"Tapatuka."

"Amayi, lero musathyole."

"Wati chiyani?"

"Si chala ayi. Si azakhalinso. Ndi mbale ija."

"Mbale iti?"

"Ya pansi pa benchi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti andimenya, ngakhale si omenya kawirikawiri. Ndinawapatsa kope la Sitandade 7 nditatsegula pa tsamba lija. Kope langa munthu wina anali asanaligwirepo. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa "tatulukani eni ake" anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, chifukwa ndi mmene azakhali ankalankhulira ndendende. Ndinawafotokozera za mungu, mawu akuduka, koma ndinafika kumapeto.

"Ndiye ukuti tikupha ndife."

"Ndinasakaniza ndine."

"Ndinakutuma ndine, usandilande mlandu." Anaika kambale pansi. "Nanga pano titani? Tikagule njuchi ku Limbe?"

Ndinathyola duwa limodzi lachimuna, ndinang'amba mbali zake zachikasu mpaka kutsala kamtima kake kaufa. Ndinagwada, ndinakalowetsa m'duwa lachikazi n'kukakhudzitsa pang'onopang'ono mbali zonse. Ndinachitanso ndi lachiwiri ndi lachitatu, poopa kuti limodzi silikwana. Zala zanga zinali zachikasu. Amayi anaima kumbuyo kwanga atagwira m'chiuno.

"Zimenezi ndi zimene akukuphunzitsani kusukulu? Kukwatitsa maungu?"

"Pang'ono."

"Ndiye ankhoswe ndi iweyo." Anaseka, koma maso ali ofiira. Asanachoke anawerama pa duwalo, anati chapansipansi, "Alamu, tikhululukireni, sitinkadziwa."

Duwa linafota, kadzungu kanatsala. Kanafika ngati dzira, msinkhu umene tinzake tonse tinagwera. Masiku awiri sindinapite kukaona, ndinkasamba mothamanga osayang'ana kuseri. Tsiku lachitatu amayi anandiitana, akuloza ndi mlomo. Kanali kobiriwirabe, kolimba. Kanafika ngati lalanje, kenako ngati mutu wa khanda, mawanga n'kuyamba kuoneka. Duwa lomaliza lija linatseguka tsiku la chimvula. Ndinayesa, koma mungu unali utanyowa, ndipo kadzungu kake kanagwa. Ndiye linatsala dzungu limodzi pa chomera chimodzi. Amayi analiyalira kathabwa kuti lisaole ndi chinyezi, n'kulivundikira ndi dengu lakale kuti anthu opita kubafa asalione.

Pamene tinkadikira kuti likhwime, ndinasiya njira ya kuchigayo. Tsiku loyamba ndinangodutsa pa chisakasa mutu uli pansi. Lachiwiri ndinaima mpaka agogo aja anasiya kukhoma.

"Alembi! Ndimayesa munasamukira ku Lilongwe."

"Agogo, njuchi zanu ndinapha ndine."

Mawuwo anatuluka aang'ono moti anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Ndinawauza za shuga, za ufa wa mphemvu, za timiyala. Anatola nyundo, anaiyang'ana, anaiikanso pansi.

"Ndikudziwa. Njuchi sibisa kumene yamwa. Loweruka lija ndinaziona zikuyenda mzere umodzi, ndinazitsatira mpaka pa benchi yanu. Ndinaona mbale, ndinaona timiyala. Ndinati, anthu abwino awa, aziikira madzi." Anayang'ana kumtengo wa mapeyala. "Ndinkafuna kubwera kudzathokoza. Ndinangotanganidwa."

Ndikanakonda akanandikalipira. M'nyumba, kuseri kwa chisakasa, akazi awo ankatsokomola.

"Zidzabweranso?" ndinafunsa.

"Mng'oma wakale ndinauotcha, pamodzi ndi uchi wake. Akanadya ndani? Uwo ndi watsopano, ndapakamo phula. Zikafuna zibwera. Koma zibwera kudzadya chiyani kuno? Malata?" Analoza madenga ndi nyundo, kenako anayambanso kukhoma. Ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Patapita masiku awiri anandiitana ndikudutsa. Anandipatsa zinthu ziwiri zimene anakhoma: chivundikiro cha ndowa chothina bwino, ndi kambale kalata kosazama.

"Ichi mukawapatse amayi anu, azivundikira thobwa. Umu muziikamo madzi. Madzi okha, alembi, ndipo kutali ndi makasitomala. Timiyala mukudziwa kale kuika."

Amayi atalandira chivundikirocho anachitembenuza m'manja nthawi yaitali. Madzulo ake anavala chitenje chatsopano n'kupita okha ku chisakasa. Zimene anakambirana kumeneko sanandiuze, ndipo ine sindinafunse.

Dzungu tinalithyola mu Meyi, phesi litauma. Amayi analidula pa khonde, ine nditagwira beseni. Mkati munali mofiira monga azakhali ananenera. Chidutswa china tinatumiza kwa agogo aja, china tinaphika opanda shuga, ndipo silinafunedi shuga. Amayi anaimbira foni bambo n'kuwauza kuti maungu a mlongo wawo abereka. Kumbali ya bambo tinkangomva magalimoto a ku Joni akudutsa, mpaka foni inaduka yokha.

Nthanga ndinazitsuka, ndinaziyanika palichero, ndinazisakaniza ndi phulusa la m'mbaula. M'kabotolo ka azakhali sizinakwane, tinafuna mabotolo ena awiri. Limodzi ndinakapereka ku chisakasa, ndipo agogowo anati adzabzala pansi pa mtengo wa mapeyala, kuti zikadzabwera zidzapezeko maluwa. Kabotolo kenikeni sikakhalanso pamwamba pa kabati. Kali m'chikwama cha makope anga. Amayi anati, "Sunga iweyo." Sananene kuti ndine wosamala, ndipo ndinathokoza mumtima kuti sananene.

Kuseri kwa bafa chisoso sitizulanso chonse, timasiyako china chichite maluwa. Amayi anawauza eni nyumba kuti n'cha ndiwo. Za chiluwe tinagwirizana kuti mvula ikubwerayi tizidzadikira dzuwa lifike pampanda, ndipo alendo akapanda kubwera, ndizidzagwada ndekha monga ndinachitira.

Mng'oma watsopano uja ulibe kanthu mpaka lero. Ndimadutsa m'mawa nyundo isanayambe, ndimaima, ndimamvetsera. Nthawi zina ndimakhala ngati ndamva kung'ung'udza kuja, koma amakhala mawaya amagetsi.

Okutobala wabweranso. Thobwa lili m'ndowa yovundikira, makapu ndimatsuka akangomwera, ndipo kambale kalata ndimakaika patsinde pa mpanda, kuseri kwa siteji. Sabata yatha zinabwera njuchi zitatu. Mayi wa zitumbuwa ataziona anatsegula pakamwa, koma amayi anawatsogolera.

"Achemwali, zisiyeni. Ndi alendo."

Ndinapita kukagwada pafupi. Zinatera pa timiyala, zinamwa, zinapukuta tinyanga ndi miyendo yakutsogolo, ndendende ngati zija. Sizidziwa kusiyana kwa mbale iyi ndi ija. Zimangokhulupirira aliyense woika timiyala. Zitatha zinanyamuka, ndipo ndinazitsata ndi maso kuti ndione ngati zilowere ku mtengo wa mapeyala. Sizinalowere kumeneko. Zinakwera pamwamba pa madenga n'kulunjika ku Soche, kumbali ya zipsera zofiira, kumene nyumba zinachoka ndipo tchire layamba kumera.

Ndinafuna kuwaonetsa amayi, koma ndinapeza kuti manja anga ali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake.